Mudzi wa Eyam ku Derbyshire: amene munafikako, tiyeni tikambirane

Nachisale, Sheffield:
Moni nonse pa gulu. Loweruka ndinali ndi tsiku lopuma, ndiye ndinakwera basi yopita ku Buxton n'kutsikira pa kamudzi kotchedwa Eyam. Amalemba Eyam koma eni ake amatchula kuti "Iim". Kuchoka kuno ku Sheffield ndi makilomita pafupifupi 20 basi. Ndakhala zaka zinayi m'dera lino osadziwa kuti pafupi chonchi pali malo otere. Ndi mudzi umene anthu ake anadzitsekera okha mu 1666 kuti mliri usafalikire kwa anzawo. Ndabwerako mtima uli wolemera, ndipo mpaka lero nkhaniyi sikundichoka m'mutu. Alipo wina amene anafikako?

Bambo a Tadala, Chesterfield:
Achemwali, ine ndimadutsako pafupifupi sabata iliyonse pokasiya katundu. Msewu waukulu sulowa m'mudzimo, umadutsa kumunsi m'chigwa cha Middleton Dale, pakati pa matanthwe oyera ataliatali. Ukafuna Eyam umakhota n'kukwera mtunda. Kukakhala chifunga kapena chipale chofewa ndi pamalo poyendetsa mosamala kwambiri. Zikwangwani zobiriwira pa nyumba zija ndinkangoziona, ndinadzatsika tsiku lina n'kuwerenga. Ndi maina a anthu amene anafera m'nyumba imeneyo, ndi masiku ake.

Che Bwanali, Mangochi:
Tifotokozereni bwino ife tili kumudzi kuno. Mliri wanji, ndipo anadzitsekera bwanji?

Nachisale, Sheffield:
Pepani Che Bwanali, ndinayambira pakati. Mu 1665 ku London kunagwa mliri woopsa wa makoswe uja, umene unapha anthu pafupifupi 100,000 mumzindamo. Ku Eyam kunali telala dzina lake Alexander Hadfield, amene analandira mtolo wa nsalu kuchokera ku London. Womuthandiza wake, George Viccars, anamasula mtolowo n'kupeza nsalu zili ndi chinyezi, ndiye anaziyanika pafupi ndi moto. Anthu amakhulupirira kuti munsalumo munali nthata zonyamula matendawa. Pasanathe masiku ambiri anadwala, ndipo anaikidwa m'manda pa 7 September 1665. Kenako ana a m'nyumba yomweyo, kenako oyandikana nawo. Nyumba zimenezo zilipobe, zandandalika pafupi ndi tchalitchi, ndipo muli anthu okhalamo mpaka lero. Pakhomo pali maluwa, galimoto yaima panja, koma pa chikwangwani pali maina a banja lonse limene linatheramo.

Aphunzitsi Gondwe, Domasi:
Mwana wanga Nachisale, usanapitirire ndi za maliro, ndilole ndiike kaye malowo pamapu, chifukwa nkhani ya mudzi sungaimve usanaone pamene mudziwo unakhala. Ndinaphunzitsa jogalafe zaka zambiri, ndipo dera la Peak District ndi chitsanzo chabwino cha momwe mwala umalamulira moyo wa anthu.

Derali lili ndi mitundu iwiri ya miyala. Kumwera kuli mwala woyera wa laimu, nchifukwa chake amati White Peak. Kumpoto kuli mwala wakuda wokhakhala, umene ankasema mphero, ndipo kumeneko amati Dark Peak. Eyam ali pamalire enieni a ziwirizi. Kumpoto kwake kuli chitunda chotchedwa Eyam Edge, ndipo kuseri kwake kuli phiri la Sir William Hill, lotalika mamita 429. Mudziwo uli chapakatikati pa mtunda, mamita pafupifupi 240 pamwamba pa nyanja.

Tsono chinsinsi ndi madzi. Mwala wa laimu umamwa madzi, mvula ikagwa imalowa pansi n'kumayenda m'mapanga, pamwamba pouma. Mwala wakuda uja umasunga madzi ngati chinkhupule, ndipo pansi pake pali dongo lolimba losalola madzi kudutsa. Pamene ziwirizi zakumana, madzi amatumphuka ngati akasupe. Anthu anamanga nyumba motsatira mzere wa akasupewo. Nchifukwa chake mudziwu si wozungulira ayi, ndi wautali ngati njoka, msewu umodzi woposa kilomita ndi theka, nyumba uku ndi uku.

Bambo a Tadala, Chesterfield:
Aphunzitsi mwandimasulira chinthu. M'mbali mwa msewu muli timaenje ta miyala tosemedwa ngati zomwera ng'ombe, madzi akutuluka osaleka. Ndinkadabwa kuti n'za chiyani.

Aphunzitsi Gondwe, Domasi:
Zimenezo zinaikidwa mu 1588, bambo. Anthu a m'mudzimo anakoka madzi a akasupe m'mipope kufikitsa m'magome a miyalawo, kuti aliyense atunge pafupi ndi kwawo, ziweto nazo zimwe. Amauwerengera m'gulu la midzi yoyambirira ku England kukhala ndi madzi a anthu onse mwa njira yotere. Onani, zaka pafupifupi 80 mliri usanafike, anthuwa anali atazolowera kale kuchitira zinthu limodzi. Ine ndimaona kuti mfundo imeneyi siyenera kudumphidwa.

Yamikani, Manchester:
Ndiwonjezereko pang'ono ngati mwana wa sukulu. Mudziwu ndi wakale kwambiri. Uli m'kaundula wamkulu wa 1086 uja amene mfumu William inalamula kuti alembe malo onse a m'dziko, ndipo munalembedwa kuti Aiune. Akatswiri a chilankhulo amati dzinali limachokera ku mawu akale otanthauza tizilumba, kapena malo ouma pakati pa timitsinje, zomwe zikugwirizana ndi zimene Aphunzitsi anena. Pabwalo la tchalitchi cha St Lawrence pali mtanda wa mwala wosemedwa zaka za m'ma 700. Uli ndi angelo ndi timizere topiringizana, ndipo chidutswa china cha thunthu lake chinasowa, ndiye mutu wake unangokhazikidwa pa chotsalacho.

Chuma chawo chinali mtovu. Mumwala wa laimu uja muli mitsempha ya mtovu, ndipo m'derali ankakumba kuyambira nthawi ya Aroma. Amuna ambiri a ku Eyam anali a m'migodi, kwinaku akuweta nkhosa ndi kulima oti pa timinda ta miyala. Anali ndi bwalo lawo la milandu ya migodi lotchedwa Barmote. Mtovu utachepa anatembenukira ku mwala wina wotchedwa fluorspar wogwiritsidwa ntchito posungunula chitsulo, ndipo m'zaka za m'ma 1800 munalinso timafakitale toomba silika ndi tosoka nsapato. Lero muli anthu osafika 1,000.

Che Bwanali, Mangochi:
Zikomo aphunzitsi ndi iwe mphwanga. Koma za kudzitsekera zija sizinayankhidwe.

Nachisale, Sheffield:
Ndikubwera kumeneko. M'nyengo yozizira imfa zinachepa, moti pofika May 1666 anthu anayamba kuganiza kuti zatha. Kutangoyamba kutentha mu June, mliri unabweranso mwamphamvu kuposa poyamba. Anthu anayamba kumanga katundu kuti athawire ku Sheffield ndi midzi ina. Apa mpamene m'busa wawo, William Mompesson, anawapempha kuti asachoke. Anali mnyamata wosafika zaka 30, ndipo anali atangobwera mu 1664. Anagwirizana zinthu zitatu. Palibe wotuluka kapena kulowa m'mudzi. Mapemphero asachitikirenso m'tchalitchi koma panja, m'kachigwa kotchedwa Cucklett Delph, banja lililonse litaima patali ndi linzake. Ndipo banja lililonse liziika lokha maliro ake, pafupi ndi nyumba kapena m'munda, mwamsanga.

Ndinatsikira ku Cucklett Delph. Ndi kachigwa ka udzu kozunguliridwa ndi mitengo, ndipo pamwamba pali thanthwe loboola ngati khomo, pamene amati m'busa ankaima polalikira.

Akuluampingo Chisale, Nkhoma:
Apa pali chinthu chimene anthu amachiiwala, ndipo kwa ine ndicho chachikulu. Mompesson yekha sakanatha. Anthu ambiri m'mudzimo sankamukonda. M'busa amene ankamukonda anali Thomas Stanley, amene anachotsedwa pa udindo mfumu Charles II itabwerera pampando. Kunabwera lamulo mu 1662 lokakamiza abusa onse kugwiritsa ntchito buku limodzi la mapemphero la mpingo wa boma, ndipo Stanley anali m'gulu la amene chikumbumtima chawo chinakana. Anakhalabe m'mudzimo ngati munthu wamba, mitima ya anthu ili kwa iye.

Ndiye taganizani. Wina anakulanda ntchito, nyumba ya abusa akugonamo ndi iye, guwa lako akuimapo ndi iye. Mliri wafika, ndipo akubwera kudzakupempha kuti muyankhule ndi anthu limodzi. Stanley anavomera. Ife a mipingo timadziwa momwe magawano amapwetekera, anthu a banja limodzi osapatsana moni chifukwa cha nkhani za mpingo. Awiriwa anaika pambali zonsezo. Anthu anamvera chifukwa anaona amene ankamukhulupirira ataima pambali pa amene anali ndi udindo.

Che Bwanali, Mangochi:
Akuluampingo, ndamva ndipo ndikulemekeza. Koma funso langa ndi la m'mimba. Munthu ukamutsekera, adya chiyani? Mukukumbukira April 2020 kwathu kuno, boma litalengeza m'bindikiro wa masiku 21. Mavenda anadzaza misewu, ndipo bwalo lalikulu la milandu linaimitsa m'bindikirowo usanayambe, nkhani yake inali yomweyi yoti osauka adya chiyani. Ine ndimagulitsa usipa, ndikapanda kupita kumsika tsiku limodzi ana agona ndi njala. Anthu a ku Eyam ankadya mapemphero?

Nachisale, Sheffield:
Funso lanu ndi lenileni Che Bwanali, ndipo yankho lake lili pamwala umene ndinaukhudza ndi dzanja langa. Mompesson analembera Earl wa Devonshire, mwini nyumba yaikulu ya Chatsworth yomwe ili makilomita ochepa kuchoka pamenepo, ndipo iye anavomera kutumiza chakudya ndi mankhwala. Midzi yoyandikana nayo inkabweretsanso zinthu. Ankasiya pa malo ogwirizana, kumalire a mudzi, n'kubwerera. Ena mwa malowo ndi chitsime cha kumtunda chimene lero amati Mompesson's Well, ndi mwala wa malire pa njira yopita ku Stoney Middleton.

Mwalawo ndi waung'ono, sufika ndi m'chiuno momwe. Pamwamba pake anaboola timaenje tisanu ndi kamodzi. Ankathiramo viniga n'kuponyamo makobidi olipirira katundu, pokhulupirira kuti vinigayo apha matenda. Wa kunja akabwera amasiya buledi, n'kutola makobidi m'viniga. Alendo mpaka lero amasiyamo timakobidi. Ukaima pamenepo umaona madenga a Stoney Middleton kumunsi, pafupi kwambiri, mtunda woyenda mphindi zochepa. Palibe mpanda, palibe mlonda. Aliyense akanatha kungodutsa usiku.

Che Bwanali, Mangochi:
Ehee, ndiye pamenepo. Ndiye kuti anatha kukhala chifukwa wina ankawadyetsa. Ndipo bwana wa ku Chatsworth uja sankangochita chifundo, ankadzitetezanso yekha. Kudyetsa mudzi umodzi kunali kotchipa kusiyana ndi kuona odwala akufika pakhomo pake. Sindikunyoza ayi. Ndikungoti tikamatamanda kulimba mtima kwa anthuwa tizitchulanso buledi uja.

Aphunzitsi Gondwe, Domasi:
Che Bwanali anena zoona, ndipo malo nawo anathandiza. Mudzi uli pa shelefu pakati pa chitunda kumpoto ndi chigwa chakuya kumwera, njira zolowera ndi zowerengeka. Madzi anali nawo m'mudzi momwemo, sankafunika kupita kumtsinje wa Derwent kukakumana ndi anthu ena. Mudzi wa pachidikha, wa njira khumi, wodalira chitsime chimodzi ndi midzi ina, sukanatha kuchita zimenezi ngakhale abusa akanalalikira bwanji.

Nanyoni, Nottingham:
Ndalowa mochedwa, ndinali pa ntchito usiku. Ine monga namwino ndili ndi mbali ina imene imandivutitsa. Matendawa amayamba ndi kachilombo kotchedwa Yersinia pestis, kamene Alexandre Yersin anakatulukira ku Hong Kong mu 1894. Nthata ikaluma khoswe wodwala n'kudzaluma munthu, munthuyo amatentha thupi, mutu, kusanza, kenako anabere aakulu opweteka m'khwapa, m'mphechepeche kapena m'khosi. Kachilombo kakafika m'mapapo, munthu amapatsira mnzake pokhosomola, ndipo mtundu umenewo umapha msanga kwambiri. Lero timachiza ndi maantibayotiki munthu akafika msanga. Sanatheretu pa dziko, ku Madagascar kunabuka mliri waukulu mu 2017.

Tsono chimene chimandipweteka ndi ichi. Kutsekera anthu abwinobwino pamodzi ndi odwala, m'tinyumba ting'onoting'ono ta nthata, kunateteza midzi ina koma kunachulukitsa imfa mkatimo. Masiku ano tikanapatula odwala kwa amene sanadwale. Iwo sankadziwa za nthata, ankaganiza kuti ndi mpweya woipa kapena chilango cha Mulungu. Komabe zina anazichita bwino osadziwa chifukwa chake, monga kupemphera panja motalikirana ndi kuika maliro msanga.

Yamikani, Manchester:
Chiwerengero chimene chimatchulidwa kawirikawiri ndi anthu 260 ochokera m'mabanja 76, pa miyezi 14. Womaliza anali Abraham Morten, pa 1 November 1666. Pa za kuchuluka kwa anthu m'mudzimo olemba amasiyana. Akale ankati analipo 350, zomwe zikanatanthauza kuti pafupifupi mudzi wonse unatha. Amene anawerenganso bwino makaundula a tchalitchi ndi a msonkho amati analipo pakati pa 700 ndi 800. Ngakhale titatenga chiwerengero chachikulucho, ndiye kuti munthu mmodzi pa atatu aliwonse anamwalira.

Palinso china choti tidziwe. Mbali yaikulu ya nkhani imene alendo amauzidwa lero inalembedwa mochedwa, makamaka ndi William Wood, mbadwa ya m'mudzimo, amene anasindikiza mbiri yake mu 1842, patapita zaka zoposa 170. Anatolera zimene agogo ankasimba. Ndiye maina ndi masiku a imfa ndi otsimikizika chifukwa ali m'kaundula, makalata a Mompesson nawo alipo, koma nkhani zina zokoma ndi za pakamwa. Ndipo mabanja ena opeza bwino anachoka m'bindikiro usanayambe. Mompesson mwiniwake anatumiza ana ake awiri kunja kwa mudzi.

Che Bwanali, Mangochi:
Mwamva? M'busa anatulutsa ana ake, ana a okumba mtovu n'kutsala. Wosauka akanathawira kuti? Nkhosa zake, mgodi wake, kanyumba kake zonse zili pompo, ndipo midzi ina ikanamuthamangitsa ndi miyala. Mwina ambiri anakhala chifukwa analibe kolowera.

Akuluampingo Chisale, Nkhoma:
Achimwene Bwanali, zoti anatulutsa ana n'zoona, sindingazibise. Koma iye anatsala, ndipo mkazi wake Catherine anakana kuchoka ngakhale anamuchonderera. Ankayenda naye m'nyumba za odwala. Anamwalira ali ndi zaka 27, ndipo anaikidwa m'manda pa 25 August 1666. Manda ake ali pabwalo la tchalitchi pafupi ndi mtanda wakale uja. Mwamunayo analemba kalata yotsanzika kwa amene anamupatsa udindo, Sir George Savile, akuyembekezera kuti nayenso afa. Sanafe. Munthu amene anauza anthu kuti akhale anakwirira mkazi wake chifukwa cha mawu omwewo. Ine sindingamuweruze pa za ana. Ndani wa ife, atapatsidwa mpata wopulumutsa ana ake, angaukane?

Ndipo kusowa kolowera sikuchotsa ulemu wa amene anasunga pangano. Mwala uja ulibe mlonda, monga wanena mwana wathu Nachisale. Miyezi inayi, anthu akufa asanu kapena asanu ndi mmodzi pa tsiku mu August, ndipo mudzi sunabalalike.

Che Bwanali, Mangochi:
Za mayi Catherine sindinkazidziwa. Pamenepo ndagonja pang'ono. Koma mfundo yanga ya osauka ikhalebe.

Nanyoni, Nottingham:
Ikhalebe ndithu. Zonse ziwiri n'zoona nthawi imodzi. Mompesson atachoka ku Eyam anadzakhala m'busa ku Eakring, kuno ku Nottinghamshire, ndipo anthu a kumeneko amasimba kuti poyamba anamuopa ngati wonyamula mliri, moti ankachititsa mapemphero panja pa mudzi. Ife amene tinagwira ntchito m'mawodi mu 2020 tikudziwa momwe zimakhalira anthu akamakutamanda kwinaku akukuthawa.

Nachisale, Sheffield:
Pali malo amodzi amene ndakhala ndikuzengereza kuwakamba. Kum'mawa kwa mudzi, ukayenda pafupifupi kilomita kukwera kanjira, umafika pa munda wa udzu pamene pali kampanda ka miyala kozungulira. Amati Riley Graves. Mkatimo muli miyala isanu ndi umodzi yoimirira ndi manda amodzi ogona. Ndi banja la Hancock. Pakati pa 3 ndi 10 August 1666, mayi Elizabeth Hancock anaika m'manda mwamuna wake John ndi ana asanu ndi mmodzi. Masiku asanu ndi atatu. Yekha. Amati ankakumba yekha n'kukoka mitembo ndi nsalu kuchoka kunyumba, ndipo anthu a ku Stoney Middleton ankamuona ali patsidya pa phiri, osatha kubwera kudzathandiza. Iye sanadwale. Mliri utatha anachoka, amati anapita kwa mwana wake amene anali ku Sheffield.

Ndinakhala pansi pa udzu pamenepo nthawi yaitali. Kunali nkhosa zokha ndi mphepo. Mayi anga anamwalira mu January 2021, ndege zinali zovuta, sindinathe kubwera. Maliro ndinaonera pa foni ya mlongo wanga, anthu ochepa, mwamsangamsanga. Ndinkaganiza kuti ndinalira n'kumaliza. Pa manda a anthu osawadziwa, a zaka zoposa 350 zapitazo, ndinalira ngati ndi dzulo.

Agogo Nasimango, Chipata:
Pepa mwana wanga. Pepa kwambiri. Ndakhala ndikungowerenga osayankha, koma apa sindingakhale chete. Pa zonse mwakambazi, chimene chandilasa ine si njala kapena nambala. Ndi mayi ameneyu kukumba yekha. Kwathu mwini maliro sagwira khasu. Adzukulu ndi amene amakumba, amayi a m'mudzi amagona nawe m'siwa, wina amakugwira pamapewa popita kumanda, wina amakuphikira phala. Ndiwo umunthu wake wa maliro. Anthu awa anavomera kutaya chimenecho kuti ena akhale ndi moyo. Kwa ine nsembe yaikulu inali imeneyo, kuposa kusatuluka m'mudzi. Ndipo aja ankaonerera patsidya nawonso anali pa ululu wawo, kuona mnzako akukoka mwana wake iwe manja ali lende.

Akuluampingo Chisale, Nkhoma:
Pepani amayi Nachisale. Mulungu akutonthozeni. Tikukumbukirani m'mapemphero usiku uno.

Che Bwanali, Mangochi:
Pepani achemwali. Sindinadziwe kuti nkhaniyi ikukukhudzani chonchi. Mayi athu ause mumtendere.

Nachisale, Sheffield:
Zikomo nonse. Musadandaule Che Bwanali, mafunso anu andithandiza kuganiza bwino.

Yamikani, Manchester:
Pepani achemwali. Pa zimene Agogo anena, panali munthu mmodzi amene anagwira ntchito ya adzukulu. Dzina lake Marshall Howe, wa m'migodi, amene anadwala n'kuchira, ndiye ankakhulupirira kuti sangadwalenso. Pamene banja lonse latha kapena otsala alibe mphamvu, iye ndi amene ankakwirira. Amasimba kuti ankadzilipira yekha potenga katundu wa m'nyumba za omwalirawo. Mkazi wake ndi mwana wake anamwalira mu August womwewo.

Agogo Nasimango, Chipata:
Ameneyo musamunyoze. Ntchito imene aliyense akuithawa, woigwira ndi mmodzi. Katunduyo mwina anatengadi, koma popanda iye mitembo ikanaolera m'nyumba.

Bambo a Tadala, Chesterfield:
Nanga ija ya chibwenzi? Pa nyumba ina moyang'anana ndi tchalitchi pali dzina la Sydall.

Yamikani, Manchester:
Imeneyo ndi ya Emmott Sydall, mtsikana wa ku Eyam, ndi Rowland Torre wa ku Stoney Middleton. Amati ankakumana ku Cucklett Delph, wina tsidya lino wina tsidya ilo, kungoyang'anana osayandikirana, mpaka tsiku lina mtsikanayo sanabwere. Zoti Emmott anamwalira mu April 1666, bambo ake ndi abale ake ambiri atatsogola kale, zili m'kaundula. Za kukumanako ndi zija za pakamwa.

Aphunzitsi Gondwe, Domasi:
Ndikufuna kunenanso kuti mudziwu sunathere mu 1666. Patangopita zaka zochepa, m'ma 1670, banja la Wright linamanga nyumba yaikulu ya Eyam Hall, imene ilipobe moyang'anana ndi bwalo la mudzi. Migodi inatsegukanso, ndipo m'zaka za m'ma 1700 anapeza mtovu wambiri ku Eyam Edge, anthu n'kuchuluka kuposa kale. Pa khoma la tchalitchi pali wotchi ya dzuwa ya 1775 yosonyeza nthawi ya masana m'mizinda yakutali ya dziko lapansi. Anthu amene agogo awo anatsekeredwa m'kilomita imodzi ankafuna kudziwa kuti kwina dzuwa lili pati. Mu 1951 dera lonseli linakhala paki yoyamba yotetezedwa ndi boma ku Britain, ndipo lero mudziwu umadalira kwambiri alendo. Bambo a Tadala, mipanda ya miyala yogawa minda ija, mukadzadutsanso mudzayang'ane. Kumwera kwa mudzi ndi yotuwa moyera, kumpoto ndi yoderapo. Mudzaona ndi maso malire a miyala iwiri ndanena aja.

Bambo a Tadala, Chesterfield:
Ndidzayang'ana Lachinayi, aphunzitsi, ndipo ndidzajambula. Ndinafikakonso kumapeto kwa August chaka chatha. Amakongoletsa zitsime ndi zithunzi zopangidwa ndi timasamba ta maluwa tomata pa dongo, mwambo wa m'midzi yambiri ya ku Derbyshire wothokoza chifukwa cha madzi. Lamulungu lomaliza la August amachita mapemphero a chikumbutso ku Cucklett Delph komwe kuja, anthu amayenda pa mdipiti kuchoka kutchalitchi, ndipo pa manda a Catherine amaikapo maluwa ofiira.

Nanyoni, Nottingham:
Achemwali a Nachisale, bwanji chaka chino tipite limodzi pa Lamulungu limenelo? Ine ndipempha tchuthi msanga. Musadzapitenso nokha ku manda aja.

Nachisale, Sheffield:
Ndingakondwe kwambiri. Mukafikire kwathu Loweruka, tidzagone, m'mawa tidzanyamuke. Mudzatenge nsapato zolimba ndi jekete, kanjira ka ku Riley kamakhala ndi matope ngakhale m'chilimwe.

Bambo a Tadala, Chesterfield:
Za basi musavutike, Lamulungu zimayenda mwa apo ndi apo. Ndidzakutengani pa galimoto, mayi a Tadala nawonso akufuna kukaona. Malo alipo a anthu awiri, Yamikani ukabwera pa sitima tidzakutengera pa siteshoni ya Grindleford, tidzapanikizana.

Agogo Nasimango, Chipata:
Mukakafika pa kampanda ka mayi uja, mukaimbeko nyimbo imodzi ya maliro ya kwathu, ngakhale motsitsa mawu. Imodzi ya ana ake aja, ndi ina ya mayi ako, Nachisale. Undiimbire foni nthawi imeneyo, ndidzayimba nanu ndili kuno.